Tsiku Limene Ndinagwira Mfuti ya Mzungu

Mmereka anabwera pa esiteti yathu mkazi wanga ali ndi pakati pa mwana wathu wachitatu, amene anadzakhala woyamba kukula. Nthawi imeneyo ndinali dalaivala wa lole ya esiteti, yonyamula mabokosi a tiyi kuchokera ku fakitale kupita ku siteshoni ya sitima ku Khonjeni. Inali ntchito yosapezeka wamba kwa munthu wakuda, makamaka Mlomwe ngati ine amene makolo ake anachita kuwoloka kuchokera kwa Apwitikizi mphasa zili pamutu. Ndinkaisamala ngati dzira.

Asanabwere kwathu, mzunguyu anakhala zaka zingapo ku Makwasa, kumene ankathandiza amishoni kukonza mpope wa madzi ndi makina ena. Chinyanja anaphunzira komweko. Ankachilankhula ngati akuwerenga m'buku, koma chinkamveka. Ntchito yake itatha kumeneko, bwana wamkulu wa esiteti yathu, Mngelezi wosaseka ndi munthu, anamulemba kuti aziyang'anira injini ya fakitale imene inkangozima dzinja likafika, masamba atachuluka. Dzina lake linkatipinda lilime, ndiye tinkangoti Mmereka.

Anali wamtali, wowonda, wa msinkhu wanga womwewu. Khungu la m'khosi mwake chakumanzere ndi la dzanja lake lamanzere linali lonyezimira, lokwinyikakwinyika ngati chikopa chimene chawauka pamoto, ndipo zala ziwiri zinali zomatirirana. Poyenda ankangocheukacheuka, maso kumwamba. Chimene chinatidabwitsa kwambiri chinali chakuti aliyense ankamuti "inu", ngakhale mnyamata wosesa m'fakitale. Ife m'malo mokondwa tinachita nacho mantha. Masiku amenewo kunkamveka mphekesera za azungu achifwamba, ogwira anthu m'misewu n'kupita nawo kosadziwika, ndipo anthu ankati mzungu wokulemekeza ndiye woopsa, pali chimene akufuna pathupi pako.

Kenaka khukhi wake anayamba kuulula za m'nyumba. Anati bwanayo salola moto wa palafini kukhitchini, nyale amayatsa yekha atatuluka nayo panja, ndipo akagona amafuula mayina a anthu. Anatinso tsiku lina bwanayo anamuuza yekha kuti pa nkhondo ankapha anthu ali mumlengalenga. Nkhaniyi inayenda m'malayini monse a nyumba za antchito dzuwa lisanalowe. Mkazi wanga atamva anandiuza kuti ndisamakhale naye awiriwiri, ndipo ndikamuona akubwera ndizipatuka. Ndinavomera, koma ndinkadziwa kuti lole inali imodzi yokha, ndipo wokonza injini yake anali yemweyo.

Mantha anga anali osiyana ndi a anzanga. Iwo ankaopa mzungu, ine ndinkaopa mawu akuti nkhondo. Pa nkhondo ya chiwaya, ija ya Ajeremani, ndinagwidwa ndevu zisanamere, pamodzi ndi atsibweni anga, tikuchokera kumunda. Anatimanga chingwe m'chiuno n'kutipititsa ku tengatenga. Tinasenza matumba a mpunga ndi mabokosi a zipolopolo m'mayiko amene mayina ake sindinawadziwe mpaka lero. Atsibweni anatha ndi kamwazi panjira, ndipo mzere sunaime. Ine ndinabwerako, koma kuyambira pamenepo chinthu chikaphulika mwadzidzidzi ndinkadzidzimuka ngati ndabwerera komweko. Ngakhale lole yanga yomwe ikatsokomola kumbuyo, manja ankachita thukuta pachiwongolero. Za kumeneko sindinkauza munthu, ngakhale mkazi wanga.

Sipanapite nthawi, bwana wamkulu analamula kuti Mmereka azipita nane ku Khonjeni kukalandira zitsulo za makina zobwera pa sitima. Ulendo woyamba ndinamutsegulira chitseko chakutsogolo monga tinkachitira ndi azungu onse. Iye anasuzumira, n'kufunsa kumene kunali thanki ya petulo. Nditamuuza kuti ili pansi pa mpando womwewo, anatseka chitseko pang'onopang'ono, n'kukakwera kumbuyo. Anakhala pamwamba pa mabokosi a tiyi, msana atalozetsa kwa ine, nkhope kumene tikuchokera, mfuti yake ataigoneka pamiyendo. Ankati ndi ya anyalugwe, koma sindinamuonepo akuloza nayo nyama iliyonse, ngakhale tsiku limene nguluwe inatidutsa kutsogolo masanasana.

Msewu wa ku Khonjeni ndi wotsetsereka, wokhotakhota, ndipo mvula ikagwa dothi lake lofiira limaterera ngati therere. Koma ine sindinkaopanso msewuwo. Ndinkaopa chimene chinali kuseri kwa mutu wanga. Pakati pa ine ndi iye panali thabwa lokha. Lole ikagunda mwala ndinkadikira kumva kulira kwa mfuti. Nthawi zina ankamenya denga mwamphamvu kuti ndiime, n'kutsika, n'kumanunkhiza pansi pa lole ngati galu, akuti wamva fungo la petulo. Akapeza kadontho kamodzi sitinkanyamuka mpaka atamanga. Ndinkafika kunyumba khosi litauma, mkazi wanga n'kumandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati akuwerenga ziwalo.

Mwana atabadwa, wamkazi, ndinayamba kuzolowera pang'ono, chifukwa miyezi inali itapita popanda choipa. Tsiku lina sitima inachedwa kwambiri. Kunatentha, ndipo ndinavula malaya pothandiza anyamata kutsitsa mabokosi. Nditakhala pansi pa mtengo wa mango kuti ndipume, Mmereka anabwera n'kukhala pa muzu wa mtengo womwewo. Anayang'ana zipsera za m'mapewa mwanga, zimene zingwe za katundu zinandisiyira.

"Kodi inunso munali ku nkhondo?"

Ndinayankha kuti ndinkangosenza katundu, sindinagwire mfuti. Anagwedeza mutu. Kenaka anayamba kufotokoza, maso ali panjanji. Anati iye anamenya nkhondo yomweyo, koma ku dziko la Falansa, ndipo anali m'ndege. Ine ndege ndinali nditaionapo kamodzi kokha ku nkhondoko, patali kwambiri, yaing'ono ngati kabawi, moti sindinkakhulupirira kwenikweni kuti mumakhala munthu. Anati ndege yawo inali ya matabwa ndi nsalu, yokwera anthu awiri. Woyendetsa ankakhala kutsogolo. Iye ankaimirira kumbuyo m'dzenje lofika m'chiuno, atamangidwa lamba, ndi mfuti ya chiwaya yozungulira pa mkombero wachitsulo. Pansi pa mapiko ankamangirirapo mabomba okaponya pa masiteshoni a sitima a Ajeremani. Ntchito yake inali kuyang'ana kumbuyo, chifukwa adani ankabwerera kumchira, kapena kutulukira m'dzuwa kuti usawaone. Anati kumwambako kumazizira moti chala chikakhudza chitsulo chimakakamira, ndipo pakati pa iye ndi mnzake woyendetsayo panali thanki ya petulo, choncho ngakhale afuule bwanji sankamvana.

Ndinayang'ana siteshoni ya Khonjeni. Panali amayi ogulitsa nthochi ndi chinangwa chootcha, ana akusewera panjanji, mmwenye wa sitolo atakhala pakhonde. Ndinamufunsa ngati pa masiteshoni enawo pankakhalanso anthu. Anati pankakhala, koma ukakhala kumwamba amaoneka ngati nyerere. Pobwerera tsiku limenelo mantha aja anandibwerera. Mphekesera ya khukhi ija ndinali nditaimva tsopano kuchokera pakamwa pa mwini wake.

Zinachitika mwana ali ndi miyezi yochepa, chiperoni chitangotha, kumwamba kutayera mbee. Tinkachokera ku Khonjeni m'mawa, lole ili yopanda katundu kupatula chitsulo chimodzi chachikulu. Msewu wolowera ku fakitale unkadutsa m'mphepete mwa munda wotsetserekera kuchigwa, ndipo tsiku limenelo gulu la mkazi wanga linkathyola tiyi m'munda umenewo. Ndinamuona patali ndithu, mwana ali kumsana, dengu lake ataliika pakati pa mizere popeza kumsana kunali mwini wake.

Poyamba ndinaganiza kuti injini yanga yayamba vuto, chifukwa ndinamva kulira kwina pamwamba pa kulira kwake. Ndinaimitsa lole n'kuzimitsa, koma phokosolo silinaleke. Linkakulirakulira, likuchokera cha ku Mulanje. Amayi m'munda anaweramuka. Wina analoza kumwamba. Kenaka ndege inatulukira pamwamba pa mitengo ya bulugamu, yotsika kwambiri moti ndinaona mawilo ake ndi mutu wa munthu. Tinadzamva pambuyo pake kuti anali mzungu wina wa ku Blantyre amene ankangofuna kupatsa moni anzake a m'maesiteti. Koma panalibe amene anatiuza. Anthu anangoti balala. Ena anathawira kuchigwa, ena anadzigwetsa m'mizere ya tiyi, madengu akugubuduzika. Kapitawo, mwamuna wa ndodo amene tonse tinkamuopa, anagona chafufumimba m'ngalande atagwira mutu.

Ine ndinatsika m'lole. Ndinagwira chitseko. M'makutu mwanga munabwerera zonse za ku tengatenga. Ndili chigwirire choncho ndinamva Mmereka akufuula m'Chingelezi kumbuyo kwa lole, mawu amene sindinamumvepo nawo, okwera ngati a mwana. Ndinatembenuka. Anali atagwada bondo limodzi pa thabwa la lole, mfuti ili paphewa, akuitsatira ndege ija. Ankafuulira munthu wina kumbuyo kwake, kumene kunalibe munthu, uku akumenya denga la lole ndi chigongono.

Ndegeyo inazungulira fakitale, n'kubwereranso, n'kutsikira kuchigwa kutsatira mtsinje. Pamene inkatsika, mlomo wa mfuti unkatsika nayo. Unachoka kumwamba, unadutsa nsonga za bulugamu, n'kufika pa munda. Ndinayang'ana kumene unaloza. Mkazi wanga anali asanathawe. Anali chiimire, akulimbana ndi nsalu kuti amasule mwana amubweretse kutsogolo.

Sindikudziwa mmene ndinakwerera m'lolemo. Ndimangokumbukira kuti ndinali nditagwada pambali pake, ndikunena kuti, "Bwana, kuno n'ku Thyolo. Awo ndi amayi othyola tiyi. Bwana, tayang'anani bwino." Maso ake anali otseguka koma sankandiona. Thukuta linkayenderera pachipsera cha m'khosi chija. Ndinaona chala chake chikupinda. Ndinagwira mpope wa mfuti ndi manja onse n'kuukankha, ndipo nthawi yomweyo inalira.

Mkazi wanga anagwa.

Zimene zinatsatira ndimazikumbukira mwa zidutswa. Tinalimbana, mfuti ili pakati pathu. Anali ndi mphamvu kuposa mmene ankaonekera, koma dzanja lopsa lija silinkagwira bwino, ndipo ndinamupotokola. Anagwa chagada, mutu n'kugunda pa chitsulo tinanyamula chija, n'kungoti zii. Ndinaimirira mfuti ili m'manja, ndikuyang'ana kumunda, ndikuitana mkazi wanga. Palibe anayankha. Ndege inali itapita. Kenaka ndinamva kulira kwa mwana, ndipo mutu wa mkazi wanga unatulukira pakati pa mizere. Anali atadzigwetsa yekha kuti aphimbe mwana. Chipolopolo chinadula nthambi ya tiyi pafupi ndi chiuno chake n'kuboola dengu mbali zonse ziwiri.

Ndisanapume n'komwe, ndinamva kavalo. Bwana wamkulu anali atamva kulira kwa mfuti ali ku fakitale. Chimene anapeza ndi ichi: mzungu ali gone m'lole, magazi akutuluka m'mutu, munthu wakuda ataima pamwamba pake ndi mfuti yofuka utsi. Nkhope yake inayera. Anatulutsa kamfuti kake kam'chiuno n'kundiuza kuti ndiike mfutiyo pansi pang'onopang'ono. Ndinayesa kufotokoza koma mawu anangotuluka Chilomwe chokhachokha chimene iye sankamva. Anafunsa kapitawo chimene chinachitika. Kapitawo, matope ali kumaso, anati iye sanaone kanthu. Sananame. Amayi ena anayamba kulankhula onse pamodzi, koma bwana anawakalipira kuti abwerere ku ntchito.

Ananditsekera m'kanyumba kosungiramo makasu ndi zikwanje, atayamba atulutsamo zonse zakuthwa, n'kutuma munthu panjinga ku boma kukaitana apolisi. Munali mdima ndi fungo la dzimbiri. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuganiza bwinobwino, ndipo ndi pamene mantha enieni anandigwira. Tonse a msinkhu wanga tinkakumbukira zimene zinachitikira anthu a cha ku Chiradzulu nkhondo itangoyamba, aja anagwira mfuti za azungu. Ena ananyongedwa, ena anawomberedwa poyera anthu akuona. Ndinadziwa kuti Mmereka akafa osatsitsimuka, ine ndapita. Ndinadziwanso kuti akatsitsimuka koma osakumbukira kanthu, kapena akachita manyazi kuulula kuti mutu unamusokonekera pamaso pa anthu akuda, ndapitabe. Ndi mzungu uti akanadzitsitsa chifukwa cha dalaivala? Ndipo mkazi wanga ndi mwana akanathamangitsidwa m'malayini tsiku lomwelo, mwina mpaka kuwabweza kwa Apwitikizi kumene analibe ngakhale mbale mmodzi wotsala.

Dzuwa litapendeka mkazi wanga anabwera kuseri kwa kanyumbako, mlonda atamuchitira chifundo. Anandipatsira chinangwa chophika pa mpata wa pansi pa denga. Anati mwana ali bwino, wangokalika pachipumi. Anati Mmereka anthu anamunyamula pamachira kupita kunyumba kwake ndipo khukhi akuti akupuma koma sakulankhula. Mawu ake anali ouma, osalira. Ndinamuuza kuti zikavuta atenge mwana apite kwa achemwali ake ku Chimaliro, asadikire kuti amuthamangitse. Chinangwacho sindinachidye.

Apolisi anafika m'mawa mwake, mzungu mmodzi ndi asilikali akuda awiri onyamula unyolo. Ananditulutsa panja, kuwala n'kundithobwa m'maso. Anthu anali ataima patali m'magulu, osayandikira. Mzungu wa polisiyo anandifunsa kudzera mwa msilikali ngati ndinagwira mfuti ya bwana. Ndinati inde. Anafunsa ngati ndinamugwetsa. Ndinati inde. Ndinkafuna kuwonjezera chifukwa chake, koma msilikali anandiuza kuti zinazo ndikanena ku boma, n'kundiveka unyolo m'manja. Chitsulocho chinali chozizira. Msilikali winayo, munthu wachikulire, anandigwira pamkono.

Tikuyamba kuyenda, anthu anatembenukira kunjira ya ku nyumba za azungu. Mmereka ankabwera wapansi, wopanda chipewa, mutu atamanga nsalu, khukhi akumutsatira pambuyo ngati akuopa kuti agwa. Ankayenda ngati munthu wodwala malungo. Sindinadziwe chimene wabwera kudzanena. Anaima patsogolo pa mzungu wa polisi n'kulankhula m'Chingelezi nthawi yaitali ndithu. Bwana wamkulu anamudula mawu kangapo, nkhope itafiira, koma iye anapitiriza. Atamaliza anatembenukira kwa ife, n'kukweza mawu kuti ndi anthu a patali omwe amve.

"Ndinawombera ndine. Bambo awa anandilanda mfuti kuti ndisaphe munthu. Mutu wanga sunali bwino."

Mzungu wa polisi anaitanitsa dengu lija, analowetsa chala m'mabowo onse awiri, n'kuuza msilikali kuti andimasule. Mfutiyo anapita nayo.

Ndinaganiza kuti zatha, koma madzulo ake bwana wamkulu anandiitana ku ofesi. Sanandikalipire. Anati wamva zonse ndipo mwina ndinachita bwino, koma munthu amene wagwetsapo mzungu pansi anthu akuona sangayendetsenso lole yake. Anati ndikatenge Mmereka ndi katundu wake ndikamutule kuchipatala ku Makwasa, popeza nayenso ntchito yamuthera, ndipo ndikabwerako ndikayambe kudula nkhuni za fakitale.

Ulendo umenewo anagona kumbuyo pa masaka, bokosi lake la zovala lili pambali. Pa kamtsinje kena injini inatentha, ndipo ndinaima kuti ndithire madzi. Anatsika n'kukhala pamwala. Ndinkafuna tinyamuke msanga, koma anandipempha kuti ndikhale kaye pansi. Ndinakhala patali pang'ono, pamene ndikanatha kudzuka mofulumira.

Anandiuza za tsiku limene anapsa. Anati zinanyamuka ndege zambiri, zinabwerako zochepa. Atangoponya mabomba, Ajeremani anawatulukira kudzuwa. Anawombera mpaka chiwaya chinakakamira, ndipo akulimbana nacho anamva chinthu chozizira chikumuthira m'khosi. Anali petulo, thanki ija itabooka. Moto unabuka. Mnzake woyendetsa, mnyamata wa kumudzi ngati iye, amene ankagawana naye fodya ndi bulangeti, sanasiye chiwongolero. Anatsitsa ndegeyo ikuyaka mpaka m'munda wa mbatata. Mmereka anaponyedwa kunja, koma mnzakeyo miyendo inapanikizika. Anabwerera n'kumugwira dzanja, n'kukoka, mpaka dzanja lake lomwe linayamba kupsa. Kenaka anasiya. Anati mnzakeyo anali akadali moyo pamene anamusiya, ndipo ankamuitana.

Anati atabwerera kwawo sankatha kukhala m'tauni kapena pamudzi, chifukwa ndege zinayamba kuchuluka. Wina kutchalitchi anamuuza kuti ku Nyasalande kulibe ndege, n'chifukwa chake anabwera. Anati dzana lija atamva kulira kuja sanaone tiyi, kapena ine, kapena amayi. Anaona mchira wa ndege yake ndi thambo.

Ndinkafuna kumumvera chisoni, ndipo pang'ono ndinamumvera, pakuti ndinkadziwa kuti phokoso limatha kumubweza munthu kumene anachoka kalekale. Ndinkadziwanso kuti akanakhala chete m'mawa uja bwenzi ndili m'ndende. Koma ndikati ndimuyang'ane, ndinkaona nthambi yoduka ija ndi kutalika kwake kuchokera pa mwana wanga, kosakwana mkono. Ndinangoti injini yazizira, tiyeni. Ku Makwasa anamulandira bwino, anthu akumeneko ankamudziwa. Potsika anandigwira dzanja ndi dzanja lake labwinolo, ndipo ine ndinalola, koma ndinabweza msanga.

Ntchito ya nkhuni sindinakhalitse nayo. Mkazi wanga anakaniratu kubwerera m'munda wa tiyi. Akamva injini iliyonse, ngakhale ya fakitale imene anaizolowera zaka zonse, ankanyamula mwana n'kulowa m'nyumba. Kapitawo anayamba kunena kuti nyumba ya m'malayini ndi ya anthu ogwira ntchito onse awiri. Ndege nazonso zinayamba kudutsa kawirikawiri. Anthu ena anazolowera mpaka ana ankazithamangira akukuwa, koma kwathu ikadutsa tinkangoyang'anana, chakudya n'kuzizira m'mbale. Mvula isanagwe tinasamukira ku Chimaliro, kumene achemwali ake anatigawira kamunda. Tinadzala chinangwa, nandolo ndi kalongonda. Manja anga, amene anazolowera chiwongolero, anatuluka matuza mpaka anakhakhala.

Chaka chotsatira, nandolo atayamba kukhwima, Mmereka anatipeza. Anabwera panjinga yakapalasa masana, atachita kufunsira njira kwa anthu. Mkazi wanga anamuona akadali kumtunda. Anangotenga mwana, amene tsopano ankayenda, n'kulowa naye m'munda wa nandolo kuseri kwa nyumba.

Ndinamuyalira mphasa pakhonde. Anali atanenepako, maso atakhazikika. Anati akubwerera kwawo, mlongo wake wamuitana kuti akathandize pa famu, ndipo kuthawa ndege kwamukanika popeza zamupeza ndi kuno komwe. Anatinso walankhula ndi mmwenye wina wa ku Limbe amene akufuna dalaivala, ngati ndingafune. Kenaka anafunsa ngati angaonane ndi amayi a mwana, kuti apepese ndi pakamwa pake. Ndinapita kumunda kukawauza. Ndinawapeza atakhala pansi pakati pa nandolo, mwana atamutseka pakamwa ndi dzanja.

"Kamuuzeni kuti ndamva," anatero. "Koma nkhope yake ndisaione."

Ndinabwerera n'kumuuza momwemo, osakometsera. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti akumvetsa. Anakhalabe pang'ono, tikukamba za mvula ndi za injini ya fakitale imene akuti inayambanso kuzima. Kenaka anakwera njinga yake. Ndinamuperekeza mpaka pa mphambano, ndipo chimenecho chinali chomaliza kumuona. Namwino wina wa ku Makwasa anadzatiuza kuti anakwera sitima ya ku Beira mwezi womwewo. Ngati anafika kwawo, ngati anakwatira, ngati anali moyo pamene nkhondo yachiwiri inkayamba, palibe amene anatiuza.

Ku Limbe ndinapita ndithu, koma patapita zaka ziwiri zokolola, mkazi wanga atavomera kuti ndizimusiya yekha. Ndinayendetsa lole ya mmwenye uja mpaka maso anayamba kuchita chidima. Mwana uja anakula osadziwa kanthu, chifukwa mayi ake analetsa kuti nkhaniyi isakambidwe pakhomo. Ndinadzamuuza ndekha ali kale ndi ana ake, titabwera koika maliro a mayi akewo. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa kuti unali munda uti. Ndinamulonjeza kuti ndidzamusonyeza, ndipo tinapitadi chilimwe chotsatira pa basi. Tiyi wake anali yemwe uja, atangokula zitsa, ndipo amayi ena ankathyola. Tinaima pamsewu kanthawi, mlonda n'kubwera kudzatifunsa chimene tinkafuna. Tinati palibe, n'kubwerera kukadikira basi.